Anatulukira DNA ndani? Mbiri ya makwerero opota ndi anthu amene sitimawatchula

Mukafunsa aliyense amene anakhozapo bayoloje kusekondale kuti anatulukira DNA ndani, yankho limabwera msanga: Watson ndi Crick, m'chaka cha 1953. Yankho limeneli limapatsa malikisi pa mayeso, koma ine amene ndikuphunzira mbiri yakale silindikhutiritsa. DNA inali itadziwika kale kwa zaka 84 anthu awiriwa asanalembe pepala lawo lotchuka lija. Chimene iwo anachita ndi kulongosola maonekedwe ake, ndipo pa ntchito imeneyo anadalira miyeso ya anthu ena. Atamalizanso, funso la momwe DNA imadzikoperera mkati mwa selo linatsala lopanda umboni, ndipo panadutsa zaka zoposa 15 kuti mbali zake zikuluzikulu zidziwike. Maganizo anga ndi akuti nkhaniyi ikafupikitsidwa kukhala mayina awiri ndi chaka chimodzi, timalakwira anthu amene anagwira ntchitoyo, komanso timadzimana kumvetsa DNA yeniyeniyo, poti mbali iliyonse ya maonekedwe ake inapezeka poyankha funso limene linkavuta anthu panthawiyo.

Nkhaniyi imayambira pa mabandeji a mafinya. Mu 1869 dokotala wachinyamata wa ku Switzerland, Friedrich Miescher, ankagwira ntchito mu labotale ya Felix Hoppe-Seyler mumzinda wa Tübingen ku Germany. Ankafuna kudziwa zinthu zimene zimapanga maselo oyera a m'magazi, ndipo njira yosavuta yopezera maselowo inali kutolera mabandeji ochokera pa zilonda za odwala kuchipatala cha pafupi. Atatsuka maselowo n'kupatula phata lake, lomwe asayansi amati nyukiliyasi, anapezamo chinthu chokhala ndi fosifolasi wambiri chimene sichinkachita ngati puloteni. Anachitcha nuclein. Bwana wake anakayika, anabwereza yekha kafukufukuyo, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 1871. Pambuyo pake Albrecht Kossel anapeza kuti chinthuchi chili ndi tizigawo tinayi: adenine, thymine, guanine ndi cytosine. Lero timangotitchula ndi zilembo zoyamba, A, T, G ndi C.

Kwa zaka zoposa 60 palibe amene ankaiona DNA ngati chinthu chofunika kwambiri, ndipo anali ndi chifukwa. Phoebus Levene wa ku Rockefeller Institute ku New York anasonyeza kuti DNA ndi mndandanda wa tizidutswa, kalikonse kokhala ndi shuga, fosifeti ndi chimodzi mwa zilembo zinayi zija. Apo analondola. Koma anaganizanso kuti zilembozo zimangobwerezabwereza mofanana kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto. Chinthu chongobwereza mawu amodzimodzi sichingasunge uthenga wosiyanitsa munthu ndi mbuzi. Mapuloteni, omwe amapangidwa ndi mitundu 20 ya ma amino asidi, ndi amene ankaoneka oyenera kunyamula chibadwa. Anthu ophunzira a nthawi imeneyo sanali opusa; umboni umene anali nawo unkawalozera kumeneko.

Chimene chinagwedeza maganizowa ndi matenda a chibayo. Mu 1928 Frederick Griffith wa ku Britain ankafufuza mitundu iwiri ya bakiteriya yoyambitsa chibayo, wina wakupha mbewa, wina wosapha. Atapha mtundu woopsa uja ndi moto n'kuubaya mu mbewa, mbewa sinafe. Atasakaniza mtundu wakufawo ndi mtundu wamoyo wosaopsa uja, mbewa inafa, ndipo m'magazi ake munapezeka mabakiteriya amoyo a mtundu woopsa. Chinachake chochokera mwa akufa chinali chitalowa mwa amoyo n'kuwasintha chibadwa, iwo ndi ana awo omwe. Griffith sanadziwe kuti chinali chiyani, ndipo anafa mu 1941 ndi bomba la ndege za Germany ku London. Mu 1944 Oswald Avery, Colin MacLeod ndi Maclyn McCarty anayankha funsolo atavutikira zaka zambiri. Ankati akaononga mapuloteni m'madzi ochokera ku mabakiteriya akufa, mphamvu yosintha ija inkatsalabe. Akaononga DNA, inkatheratu. Anthu ambiri anakanabe, kunena kuti mwina munatsalira kapuloteni kochepa. Avery anamwalira mu 1955 osalandira mphoto ya Nobel.

Zinthu ziwiri zinatsatira. Cha m'ma 1950 Erwin Chargaff wa ku Columbia University anayeza kuchuluka kwa zilembo zinayi zija mu DNA ya zamoyo zosiyanasiyana. Anapeza kuti kuchuluka kwake kumasiyana pakati pa mtundu wina ndi unzake, zimene zinagwetsa ganizo la Levene, koma paliponse A ankachuluka mofanana ndi T, ndipo G mofanana ndi C. Chifukwa chake sanachidziwe. Mu 1952 Alfred Hershey ndi Martha Chase anaika chizindikiro pa mapuloteni ndi pa DNA ya mavairasi olowa mu bakiteriya, n'kuona kuti chimene chimalowa mkati kukalamula kupanga mavairasi atsopano makamaka ndi DNA. Hershey analandira Nobel mu 1969, koma Chase sanalandire nawo.

Pofika 1952, funso linali lakuti: ngati DNA ndiyo imanyamula chibadwa, imaoneka bwanji kuti ithe kusunga uthenga ndi kuukopera? Palibe maikulosikopu imene ikanatha kuonetsa zimenezi. Njira inalipo inali kuwombera ma X-ray pa ulusi wa DNA n'kuwerenga madontho amene kuwalako kwasiya pa filimu, kenako kuchita masamu obwerera m'mbuyo kuti adziwe malo a ma atomu. Ku King's College London ntchitoyi inkachitidwa ndi Maurice Wilkins komanso Rosalind Franklin, amene anafika kumeneko mu Januwale 1951 kuchokera ku Paris. Awiriwa sanagwirizane kuyambira pachiyambi. Mkulu wa labotale, John Randall, analembera Franklin kalata yomupatsa chithunzi chakuti ntchito ya X-ray pa DNA ndi yake, pomwe Wilkins ankayesa kuti wabwera kudzagwira naye limodzi.

Franklin anapeza kuti DNA imakhala m'maonekedwe awiri malinga ndi chinyezi: ikauma pang'ono imakhala mtundu A, ikanyowa imatalika n'kukhala mtundu B. Zithunzi zakale zinkasokoneza chifukwa mitundu iwiriyi inkasakanikirana. Anasonyezanso kuti mafosifeti ayenera kukhala kunja kwa molekyulu, kumene kuli madzi. Kumapeto kwa 1951 James Watson ndi Francis Crick, ali ku Cavendish Laboratory ku Cambridge, anapanga chifanizo cha DNA chokhala ndi zingwe zitatu, mafosifeti ali mkati. Franklin atapita kukachiona anawauza zolakwika zake popanda kubisa mawu, ndipo mkulu wawo Lawrence Bragg anawauza kuti asiye za DNA. Mu Meyi 1952 Raymond Gosling, wophunzira amene ankayang'aniridwa ndi Franklin, anajambula chithunzi cha mtundu B chimene lero chimadziwika kuti Photo 51. Madontho ake anapanga chilembo cha X, chizindikiro cha chinthu chopota.

Kumayambiriro kwa 1953 zinthu zinathamanga. Linus Pauling wa ku California, katswiri wamkulu wa kemisitiri panthawiyo, analemba pepala lonena kuti DNA ili ndi zingwe zitatu, ndipo analakwitsa mofanana ndi momwe a ku Cambridge analakwitsira poyamba. Poopa kuti Pauling azindikira msanga n'kukonza, Bragg analola Watson ndi Crick kuyambiranso. Kumapeto kwa Januwale, Wilkins anaonetsa Watson chithunzi chija Franklin osadziwa. Mu Febuluwale, Max Perutz anapatsa Crick lipoti la bungwe la Medical Research Council lomwe munali miyeso ya Franklin. Lipotilo silinalembedwe kuti ndi lachinsinsi, komabe palibe amene anapempha mwini miyesoyo. Crick ataona manambalawo anazindikira kuti zingwe ziwiri za DNA zimayenda mosemphana, china cholozera kumtunda, china kumunsi. Jerry Donohue, amene ankakhala nawo mu ofesi imodzi, anauza Watson kuti zojambula za zilembo zimene ankatsatira m'mabuku zinali zolakwika. Atakonza, Watson anadula makatoni m'maonekedwe a zilembozo n'kumazisuntha patebulo, ndipo pa 28 Febuluwale anaona kuti A akalumikizana ndi T amatenga malo ofanana ndi G akalumikizana ndi C. Lamulo la Chargaff linapeza tanthauzo lake tsiku limenelo.

Ndiye DNA imaoneka chonchi. Ganizirani makwerero amene wina wagwira nsonga zake n'kuwapota. Mitengo iwiri ya m'mbali ndi mizere ya shuga ndi fosifeti mosinthanasinthana. Masitepe ake ndi zilembo ziwiriziwiri zogwirana pakati, A ndi T kapena G ndi C, ndipo kugwirana kwake n'kofooka moti makwererowo angang'ambike pakati kutalika kwake konse popanda mitengo ya m'mbali kuthyoka. Pafupifupi masitepe 10 amakwanitsa kupota kamodzi. Uthenga uli mu ndondomeko ya zilembo, monga momwe mawu a m'buku amasiyanirana chifukwa cha kasanjidwe ka zilembo zomwezomwezo. Mu selo limodzi la munthu muli masitepe otere pafupifupi mabiliyoni 6, opindidwa mu makromozomu 46, ndipo mutawatambasula n'kuwalumikiza angatalike pafupifupi mamita 2.

Pa 25 Epulo 1953 magazini ya Nature inasindikiza mapepala atatu motsatizana: la Watson ndi Crick, la Wilkins ndi anzake awiri, ndi la Franklin ndi Gosling. Woliwerenga akanayesa kuti pepala la Franklin likungotsimikiza zimene ena apeza, chonsecho miyeso yake ndi imene inathandiza kumanga chifanizocho. Franklin anamwalira ndi khansa mu Epulo 1958 ali ndi zaka 37. Mu 1962 Watson, Crick ndi Wilkins analandira Nobel. Mu 1968 Watson anatulutsa buku lake la The Double Helix mmene anamujambula Franklin ngati mayi wovuta wosamvetsa zimene ali nazo m'manja, ndipo anthu ambiri anamudziwira m'buku limenelo.

Pamenepa ndikufuna kusamala, chifukwa pali nkhani yachiwiri yomwe nayo yafupikitsidwa mopitirira. Pa intaneti mumaona zolemba zonena kuti Watson ndi Crick anangoba chithunzi chimodzi, basi. Kunena choncho kumamuchepetsa Franklin m'njira ina: kumachititsa ngati yankho linali pachithunzipo miyezi yonseyo iye osaliona, mpaka mwamuna wina analiona kamodzi n'kumvetsa. Mu 2023 olemba mbiri Matthew Cobb ndi Nathaniel Comfort, atawerenga zolemba za Franklin ndi makalata a nthawiyo, analemba mu Nature kuti manambala a mu lipoti lija anali ofunika kuposa chithunzicho, kuti Franklin anali atazindikira yekha zambiri za maonekedwe a zingwe ziwiri, ndipo kuti ayenera kuonedwa ngati mmodzi mwa anthu anayi amene anathetsa funsoli. Ine ndikugwirizana nawo. Cholakwa chinalipo, ndipo ndi chakuti ntchito yake inagwiritsidwa ntchito osamupempha ndiponso osaivomereza mokwanira poyera. Koma kumukumbukira ngati munthu woberedwa chabe kumaiwalitsa kuti anali katswiri amene pambuyo pake, ku Birkbeck College, anachita ntchito yaikulu pa maonekedwe a mavairasi.

Tsopano ku gawo limene kawirikawiri limadumphidwa. Maonekedwe aja ankaloza okha njira yokoperera: ng'ambani makwerero pakati, mbali iliyonse ikhale chikombole cha inzake yatsopano, poti pamene pali A pangabwere T yekha, pamene pali G pangabwere C yekha. Watson ndi Crick analitchula ganizoli m'pepala lawo loyamba n'kulifotokoza bwino m'pepala lachiwiri mu Meyi 1953. Koma linali ganizo chabe. Max Delbrück, mmodzi mwa aphunzitsi a Watson, anafunsa funso lovuta: zingwe zopotana kambirimbiri chotere zingamasuke bwanji osakodwana? Amene anamasulapo chingwe cha sisalo akudziwa kuti ukakoka mbali ziwiri, kutsogolo kumapotana kwambiri mpaka kumanga mfundo. Panali njira zitatu zotheka. Mwina DNA yakale imatsala yathunthu n'kupanga ina yatsopano yathunthu pambali. Mwina iliyonse mwa ziwiri zotulukazo imakhala ndi chingwe chimodzi chakale ndi china chatsopano. Kapena, monga Delbrück ankaganizira, DNA imaduka tizidutswa n'kusakanikirana zakale ndi zatsopano m'chingwe chilichonse.

Mu 1957 J. Herbert Taylor ndi anzake, pofufuza mizu ya nyemba, anaona zizindikiro zoloza ku njira yachiwiri pa makromozomu athunthu. Umboni wa pa molekyulu yeniyeniyo unabwera mu 1958 kuchokera kwa Matthew Meselson ndi Franklin Stahl ku Caltech. Analera mabakiteriya a E. coli kwa mibadwo yambiri m'chakudya chokhala ndi naitrojeni wolemera, mpaka DNA yawo yonse inalemera. Kenako anawasamutsira m'chakudya cha naitrojeni wamba wopepuka. M'badwo uliwonse ankatapa DNA n'kuiika m'madzi a mchere wa cesium chloride mu makina ozungulira mwaliwiro lalikulu, mmene chinthu chilichonse chimakakhazikika pamalo olingana ndi kulemera kwake. M'badwo umodzi utadutsa, DNA yonse inakhala pakati, yosalemera ngati yakale, yosapepuka ngati yatsopano. Njira yoyamba inagwa pamenepo, chifukwa ikanapereka mizere iwiri. Mibadwo iwiri itadutsa, theka linali pakati, theka linali lopepuka, zimene njira ya Delbrück sikanapereka. Inatsala ndi yachiwiri. Kafukufukuyu amandisangalatsa chifukwa munthu wa zaluso ngati ine angathe kutsatira mfundo zake zonse ndi pensulo ndi pepala.

Funso lina linali la amene amagwira ntchito yokoperayo. Mu 1956 Arthur Kornberg ku St. Louis anapeza enzaimu imene imalumikiza zilembo motsatira chikombole, yotchedwa DNA polymerase, ndipo analandira Nobel mu 1959. Patapita zaka 10, Paula De Lucia ndi John Cairns anapeza mabakiteriya amene enzaimu ya Kornberg inali yowonongeka koma ankaswana bwinobwino. Zinaonetsa kuti enzaimuyo ndi yokonza ndi kutseka mipata, ndipo yokopera yeniyeni inapezeka pambuyo pake, mwa ena ndi mwana wake Thomas Kornberg. Panalinso vuto lochokera ku zimene Crick anaona mu miyeso ya Franklin. Zingwe ziwiri zimayenda mosemphana, koma polymerase imamanga molowera mbali imodzi yokha. Ndiye chingwe chinacho chimakopedwa bwanji? Reiji Okazaki ndi mkazi wake Tsuneko Okazaki, ku Nagoya University ku Japan, anasonyeza mu 1968 kuti chingwe chimodzi chimamangidwa mosalekeza, pamene chinacho chimamangidwa m'tizidutswa tifupitifupi mobwerera m'mbuyo, kenako enzaimu ina yotchedwa ligase imatisoka pamodzi. Reiji, amene ali mnyamata anakhudzidwa ndi poizoni wa bomba la Hiroshima, anamwalira ndi khansa ya m'magazi mu 1975 ali ndi zaka 44, ndipo Tsuneko anapitiriza ntchitoyo. Funso la Delbrück nalo linayankhidwa kuyambira mu 1971, pamene James Wang anapeza enzaimu imene imadula chingwe, kuchilola kumasuka, n'kuchilumikizanso. Delbrück analakwitsa yankho koma funso lake linali lolondola.

Wina angafunse kuti zonsezi zikutikhudza bwanji kuno. Zikutikhudza tsiku ndi tsiku. Mu 1970 Howard Temin ndi David Baltimore, aliyense payekha, anapeza enzaimu imene mavairasi ena amagwiritsa ntchito kukopera uthenga wawo kuchoka mu RNA kupita mu DNA. HIV ndi mmodzi mwa mavairasi amenewo. Mankhwala a AZT, amene anapangidwa mu 1964 poyesa kuchiza khansa n'kuvomerezedwa ngati mankhwala a Edzi mu 1987, amafanana ndi chilembo T koma alibe pogwirira pamene chilembo chotsatira chimayenera kulumikizidwa. Enzaimu ya kachilombo ikaatenga n'kuwaika pa chingwe, kumanga kumaimira pomwepo. Tenofovir ndi lamivudine, amene ali m'mapiritsi a ma ARV omwe anthu ambiri akumwa kuno, amagwira ntchito mwanjira yomweyo. Maselo athu amawerenganso zimene akopera n'kukonza, moti cholakwika chimatsala pafupifupi chimodzi pa zilembo biliyoni. Enzaimu ya HIV siwerenganso, imalakwitsa pafupipafupi, ndipo zolakwikazo ndi zimene zimabala kachilombo kosamva mankhwala ngati munthu akudumphitsa kumwa. Kuyambira 2004, pamene boma la Malawi linayamba kupereka ma ARV aulere m'dziko lonse, miyoyo ya abale athu ambiri yadalira nzeru ya momwe chingwe cha DNA chimakulira chilembo chimodzi panthawi.

Makolo anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili linasenzedwa ndi anthu ambiri kwa zaka zoposa 100, ena osadziwana n'komwe. Mphoto ya Nobel pa sayansi siperekedwa kwa anthu oposa atatu nthawi imodzi ndipo sasankha munthu amene anamwalira kale. Malamulo amenewa ndi a mphotoyo, koma mabuku athu awatengera ngati kuti ndi momwe nzeru zimapezekera. Kwa ife amene tikulemba ma dissertation kapena kuyamba ntchito m'mapulojekiti a kafukufuku, nkhaniyi siili patali. M'mapulojekiti ambiri muli wotolera magazi, womasulira mafunso m'Chichewa, wolowetsa manambala mu kompyuta, ndipo pali tsiku limene wina amakhala pansi kusankha mayina olembedwa pamwamba pa pepala. Gosling, Chase, De Lucia ndi Tsuneko Okazaki anali pafupi ndi malo amenewo. Funso la mayina ndi bwino kulifunsa ntchito isanayambe, ndipo amene mwa ife adzakhale ndi mphamvu yosankha adzakumbukire kupempha kaye asanagwiritse ntchito miyeso ya mnzake.